Mamita Awiri Osowa

Mapu a patebulo la a Nankhonya ndi akulu kwa ine,
m'mopindamo achita chikasu ngati mano a wosuta chingambwe.
Mizere yofiirira yathithikana pa Ndirande,
pa Soche yatsala pang'ono kupsompsonana,
kenako yamasuka, yatayana, yakapumira ku Lunzu.
Pakati pa Makhetha ndi Machinjiri
pali kamphete kamodzi, kadiso ka nkhuku,
kopanda dzina, kadontho ndi nambala basi.
Ndinangoti chete. Pamenepo ndi pathu.

Lamulo la m'ndandanda uno silivuta, anatero iwo.
Usawerenge kuchokera kunyanja yamchere,
Blantyre yense anakhala kale pansanja.
Funa khosi, pomwe chitunda chagwirana ndi chachikulu,
uyeze kuyambira pakhosipo kufika paliwombo.
Akakwana mamita makumi atatu, ndi phiri, lilembedwe.
Akapanda kukwana, ndi phewa chabe la mwini wake.

Lachiwiri tinalawira chiperoni chisanatiphimbe m'maso,
ine ndodo yamanambala paphewa,
iwo makina a miyendo itatu, kuwafukata ngati khanda.
Khosi tinalipeza kuseri kwa chigayo,
pomwe mpanda wa tchalitchi umathera m'chimanga.
Mayi wina, sopo ali m'mikono, anatifunsa
ngati ndife aja ogwetsa nyumba.
Ayi mayi, tikuyeza phiri.
Anaseka mpaka kugwira bondo: ladwala?

Pamwamba bikoni ya simenti palibe.
Pali dzenje la madzi obiriwira,
mawaya a matayala otenthera thanthwe,
ndi mbuzi imodzi yotiyang'ana ngati tili nayo ngongole.
Makina analira ngati nkhululu.
Makumi awiri ndi asanu ndi atatu, anawerenga a Nankhonya.
Anapukuta magalasi, anabwereza kachitatu.
Mapu akale akuti makumi atatu ndi kanyenyeswa.
Kapena akalewo analakwitsa, anatero.

Sanalakwitse.
Ndikudziwa komwe anapita mamita awiriwo.
Ndinakulira m'phokoso lawo, go, go, go,
hamala ya bambo anga a Mulewa kuyambira tambala woyamba,
chala chamanthu chokulunga sanza,
mulu wa kwale m'mbali mwa msewu kudikira lole.
Mamita amenewo agona pansi pa nyumba zosanja ku Namiwawa,
ali m'ngalande za ku Limbe,
ali m'khonde la banki pomwe mlonda amandiuza kuti ndisunthe.
Ena ali muno m'mutu:
fizi ya zaka zinayi, nsapato zakuda,
kampasi ya m'kabokosi kamalata
yomwe inandiphunzitsa kujambula mphete ngati izi.
Otsalawo bambo anapita nawo m'chifuwa,
fumbi lomwe anatsokomola miyezi isanu ndi iwiri ku Kwinzi.

Sindinanene. Ndinagwira ndodo chilili,
kadontho ka madzi kali pakatikati,
poti dzanja likanjenjemera, nambala imanama.

Ku ofesi kompyuta inagawa zonse mosachita manyazi:
awa mapiri, izi zitunda, awa mapewa.
Chathu chinagwera mzere wachitatu, nambala 64.
A Nankhonya analoza bokosi lopanda kanthu.
Iwe ndi wakonko, anthu amachitchula chiyani?
Ndinati, timangoti kuphiri.
Mwana akasowa, ali kuphiri.
Mvula ikamabwera, yafika kuphiri.
Anayang'ana bokosilo nthawi yaitali,
kenako analemba momwemo, K wamkulu.

Loweruka ndinakwera ndekha, wopanda makina.
M'munsi ndinatola mwala wonga chibakera cha bambo,
ndinakausanjika pamphepete pa dzenje, pokwera kwambiripo.
Ndinauyeza ndi zala: masentimita asanu ndi anayi.
Kumusi Machinjiri anayamba kuyatsa magetsi, mbali imodzi yokha.
Kuseri kwa thanthwe ndinamva go, go,
kamnyamata, yunifolomu itapachikidwa pachitsamba.
Mwala wanga kauona, ndikudziwa.
Ndinatsikira njira ina.